Apampando akufuna kumaona zonse zomwe timatsegula pa waifayi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi ku Nathenje, ndipo ndili mu komiti ya bungwe lathu la alimi. Tikulemba malamulo a waifayi, intaneti yopanda mawaya ija, kuti maofesi athu a ku Mitundu ndi Nathenje azitsatira njira imodzi. Zambiri tinagwirizana kale: mtundu wa makina, ndi kuti aliyense akhale ndi pasiwedi yake.

Vuto ndi apampando, a Maliro. Akufuna lamulo loti iwo aziona chilichonse chimene munthu watsegula. Anayesa kale pa makina a ku Mitundu, ndipo anaona kuti Sophie, mlembi wa ofesiyo, amawerenga za mankhwala a ma ARV. Anakauza mwamuna wa Sophieyo. Sophie anathamangitsidwa pakhomo, ana anatsala, pano iye akukhala kwa achemwali ake ku Diamphwe. Nditamuimbira anangoti, "Aphunzitsi, ine ndinkangowerenga."

A Malirowo ndi malume a amuna anga, ndipo ine ndili pa chitengwa. Nditatsutsa lamulolo pa msonkhano, anandiitanira kumbali nkundiuza kuti, "Apongozi, musaiwale kuti mumalima munda wa yani." Amuna anga akuti ndikhale chete. Sabata yamawa tikuvota. Nditani?

J.K., Nathenje

Mayi J.K.,

Lamulo limenelo musalivomere. Komiti yanu inasankhidwa kuti alimi azilumikizana bwino, osati kuti munthu mmodzi azisuzumira m'mafoni a anzake. Zimene anachita a Maliro ndi nkhanza. Kuwerenga za mankhwala sikutanthauza kuti munthu akudwala, ndipo ngakhale akanadwala, si nkhani yoti apampando aziyenda nayo.

Musadikire tsiku lovota. Yenderani anzanu a mu komiti mmodzimmodzi, muwafunse ngati angakonde kuti zimene ana awo aakazi amawerenga zizidziwika kwa apampando. Kenaka mupite ku msonkhano ndi lamulo lina m'manja: pasakhale aliyense woona zimene mnzake watsegula, ndipo makina a ku Mitundu awakonzenso katswiri wochokera kunja kwa bungwe. Pemphaninso kuti voti ikhale yachinsinsi, kuti amantha apeze mpata.

Za mundazo musazipeputse, sindikunamizani kuti sangakulandeni. Uzani ankhoswe anu lero lomwe mawu amene a Maliro ananenawo, amuna anu ali pomwepo akumva. Za nkhaniyi musalembere munthu pa waifayi ya bungwe.

Sophie mupite mukamuone pamaso. Ngati afuna, mumuperekeze ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, makamaka pa nkhani ya ana.

Koma samalani. Mkangano ukadzatentha mudzafuna kutchula dzina lake kuti mupambane. Musatero pokhapokha iye mwini atalola. Mayiyo anayalutsidwa kale kamodzi ndi munthu amene samamufunira zabwino. Asayalutsidwenso ndi inu amene mukumumvera chisoni.

Aphungu