Pepala la a Telala

Lolemba, 3 Malichi

Buku latsopano la malamulo a masewera athu lafika. Lonenepa, fungo la inki. Zaka zisanu ndi chimodzi tikusewera ndi lakale, Loweruka lililonse masana, pa tebulo lodulirapo nsalu la a Telala. Ine wokamba nkhani. Mlamu, a Nesi ndi a Telala aliyense ndi munthu wake wa m'nkhanimo, wolembedwa papepala. Madayisi n'kumagamula. Mayi a kunyumba mpaka lero amati ndi njuga ya anthu opanda ndalama.

Malamulo akale atitopetsa. Nkhondo imodzi, ola lathunthu kuwerengetsa. Ndalembera gulu: pa 15 tikusintha.

Lachitatu, 5 Malichi

Mlamu wavomera, kuwerenga ayi, ndikumudziwa. A Nesi akuti aliona akapuma kuchipatala. Atsala a Telala. Ndawadzera kushopu poweruka, mapini ali kukamwa. Akuti msilikali wawo wa m'nkhani uja ali bwino momwe alirimu. Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti msilikaliyo safa, manambala okha ndiwo asinthe. Angopondaponda makina. Munthu wamkulu kuuma mutu chonchi!

Loweruka, 8 Malichi

Ndinafupikitsa buku lonse m'masamba anayi. Masiku atatu osadya nkhomaliro kuofesi. Mlamu waikapo kapu ya tiyi. A Nesi apindamo chokupizira mphepo. A Telala sanalikhudze n'komwe, ati: "Pepala langa likasintha, tebulo muzigwiritsa ntchito, koma ine musandiwerengere."

Kundiopseza ine? Ndani amajambula mamapu? Ndani amaloweza zilombo makumi anayi? Iwo amangofika kudzaponya madayisi. Komabe gulu popanda iwo latha, ndikudziwa, ndipo n'zimene zikundiwawa. Mapepala onse ndabwera nawo monga mwa masiku onse. Ndimasunga ndine kuyambira pomwe mlamu anachapira lake m'thalauza.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ulesi basi, palibenso china. Akuopa masamu. Ndiye ndawasinthira ndekha manambala pa mapepala awo, onse atatu, nthawi ya nkhomaliro. Lamulo lathu ndi pensulo yokha, cholinga chake n'chomwechi: kufufuta n'kulembanso.

Pepala la a Telala linafewa ngati kansalu. Timanambala topendekeka, 7 aliyense wodulidwa pakati, kaduwa pambali pa dzina la lupanga. Utoto wa pensulo wokanirira, labala wangotsala kachidutswa. Tsopano mbee. Msilikali yemweyo, wamphamvu kuposa kale. Loweruka akathokoze okha, ine sindipempha.

Loweruka, 15 Malichi

Sitinasewere.

Lamlungu, 16 Malichi

Ndilembe, mwina mtima utsika. Dzulo ndinagawa mapepala ndikumwetulira ngati mkwati. A Telala anayang'ana lawo nthawi yaitali, kutembenuza, kuyang'ananso. Kenaka: "Kaduwa kaja kali kuti?" Anaika pepalalo patebulo, n'kukalowa kuchipinda choyezera zovala.

A Nesi ndiwo anandinong'oneza. Dzanja lolemba papepala lija linali la malemu akazi awo. Sankasewera, ankakhala pambali akusoka mabatani, koma masamu onse a bambowo ankalemba ndi iwo. Chimwalirireni chaka chatha, a Telala sanafufutepo kanthu. Manambala atsopano amalemba ndi choko cha nsalu pa kachigamba. Ndinkaona, n'kumati n'zautelala chabe.

Nanga osandiuza bwanji? Pakamwa anapatsidwiranji? Ine maso amakhala pa mamapu, kuseri kwa katoni yobisira zolemba zanga, ndingaone zonse? Mlamu akuti aliyense amadziwa. Aliyense, kupatula wosunga mapepala. Ndakwiyira mlamu, ndakwiyira a Nesi, ndakwiyira amene analemba buku lija. Mayi a kunyumba angofunsa kuti labala anali m'manja mwa ndani.

Lachinayi, 20 Malichi

Masiku anayi osadzera kushopu. Ndimazungulira msewu wakumbuyo ngati wakuba.

M'mawa uno ndapendeketsa pepala lija pawindo. Malemu aja ankadinikiza pensulo. Pansi pa manambala anga mizere ikuonekabe, ma 7 onse, ngakhale kaduwa, masamba asanu. Ndinasongola pensulo kuti ndidutsemo. Ndaibweza. Likanakhala dzanja langa, kachiwiri.

Masana uthenga wa a Telala: "Loweruka mubwere ndi pepala losalembapo, mundiphunzitse masamu anuwo. Lakalelo mundibwezere."

Ndaliika pakati pa buku lakale kuti lisapindike. Loweruka ndi kutali, ndipita lero poweruka. Choti ndikanene ndikafika pakhomo paja sindinachipeze, mwina ndingowapatsa pepalalo.