Njuchi za a Philemon ndi Malalanje Athu Odulidwa

Kabwe,
18 Seputembala 2024

Okondedwa alongo anga a Edita,

Ndikhulupirira kuti kalatayi yakupezani muli bwino, inu ndi alamu a Boaz ndi ana. Nanga manja a amayi ali bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Tisanafike pa zina, pali zinthu zitatu zoti zichitike tsiku lomwe mulandire kalatayi. Choyamba, chikwanje ndi nkhwangwa zichoke m'nyumba mwa mng'ono wanga Chikumbutso, mukazisungitse kwa amalume a Ben. Chachiwiri, amayi apite kuchipatala, asamangopaka mafuta ophikira pa zilonda za moto. Chachitatu, wina aliyense asazule zitsa za malalanje.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa foni ya pakhomo panu amayenda nayo ndi alamu, ndipo zina zomwe ndinene ndifuna muyambe mwaziwerenga nokha.

Nkhani ndinaimva kwa Lusiya wa amalume, amene amagulitsa mumsika ku Kapata. Ndinamufunsa kawiri, ndikulemba papepala. Pomwe ndalakwitsa mundikonze.

Akuti Lachiwiri la sabata yatha alamu anapopera malalanje athu khumi ndi awiri aja, omwe anali atachita maluwa. Lachitatu m'mawa a Philemon, aneba athu a kutsidya kwa khwawa, anapeza njuchi zawo zili mbwee pansi pa ming'oma yonse inayi, zina zikupalapata, zambiri zitafa. Anazitapa m'chipewa, nabwera nazo pakhomo ndi kuzikhuthula pamapazi pa amayi. Sanapereke moni. Analowa m'munda wa zipatso ndi nkhwangwa nayamba kudula, uku akufuula kuti aitaneni mlangizi wanu wa ku koleji adzaone manyowa ake, kunena ine.

Atagwetsa mtengo wachisanu ndi chiwiri, Chikumbutso anatulukira kuchokera kudimba ali ndi khasu. Lusiya akuti sanafunse kanthu. Anawamenya ndi mpini paphewa, ndipo atagwada anawaonjezera pamutu. Magazi anatsika mpaka kutseka diso. Ana aamuna awiri a a Philemon atamva kukuwa anathamangira komweko, namugwetsa Chikumbutso mu ngalande, wina kumukhalira pachifuwa, wina kumuponda kumaso mpaka mano awiri anatuluka. Pochoka anayatsa mpanda wa udzu. Moto unagwira mapesi omwe tinaphimbira pansi pa mitengo, ndipo amayi anayesa kuuzima ndi manja.

Tsopano a Philemon agonekedwa m'chipatala ku Chipata, mutu wosokedwa, mkono suyenda. Chikumbutso, pakamwa pali potupa, akuuza aliyense pa Chiparamba kuti nkhalamba ikatuluka adzaimaliza, ndipo ana ake adzawasadza monga atate awo anasadzira malalanje. Ana a a Philemon nawo akuti abwere, mano otsalawo akuwafuna. Alongo, mnyamata ameneyu ndimamudziwa. Akanena chinthu pagulu, manyazi samulola kubwerera. Ndikuopa kuti mwezi uno tiika munthu m'manda, kaya wa kwathu kaya wa kwawo.

Ndamva kuti mudzi wonse ukuloza chala alamu, ndipo inunso simukulankhula nawo. Apa ndiye ndifuna mumvetsetse. Wolakwa ndine.

Mukukumbukira pangano lomwe ndinachita ndi a Philemon chaka chomwe ndinamezanitsa malalanjewo. Iwo anasendeza ming'oma yawo kufupi ndi munda wathu kuti njuchi zizithandiza maluwa kugwira zipatso, ine ndinalonjeza kuti m'mundamo simudzalowa mankhwala a m'sitolo. Zaka zisanu ndi chimodzi tasunga mawuwo ndi manyowa a m'khola, phulusa ndi madzi a masamba a nimu basi.

Sabata yathayo alamu anandiimbira kuti nsonga za malalanje zadzaza nsabwe. Ndinawauza kuti asinje masamba a nimu, awaviike tsiku limodzi, asefe ndi nsalu. Anandifunsa ngati awaze ndi tsache monga timachitira nthawi zonse. Ine ndinali pa changu, galimoto ya kuntchito ikundidikira, ndipo ndinati tsache lichedwetsa, atenge sipuleya. Pakhomo pathu sipuleya ndi imodzi yokha, ya thonje ija. Ndinkadziwanso kuti chilimwe chino alamu amapopera nayo matimati kudimba ndi mankhwala otsala a thonje. Sindinawafunse ngati munali kanthu m'kati. Sindinanene zotsuka. Sindinawauze ngakhale zoti mtengo wa maluwa supoperedwa dzuwa lili pamutu njuchi zili pantchito. Iwo anathira nimu pamwamba pa zomwe zinatsalamo, nachita zomwe mlamu wawo wophunzira anawauza.

Ine amene ndimaphunzitsa alimi kuno kutsuka sipuleya katatu. Papepala lomwe ndinakhoma kuseri kwa chitseko chanu ndinalembapo zonse, kutalika kwa dzenje, tsiku lothira manyowa, koma ichi palibe.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge amalume a Ben, mupite kuchipatala, mukawawerengere a Philemon ndime zitatu zili pamwambazi monga ndazilembera, osachotsapo liwu. Ana awo akhalepo. Mukabwerako mukamuwerengerenso Chikumbutso, alamu ali pomwepo. Adziwe kuti munthu amene anamung'amba mutu anali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo amene anaswa pangano ndi mkulu wake. Mukawauze a Philemon kuti ming'oma inayi ndidzaisema ndekha ndi kuitchera mpaka njuchi zilowe. Za mutu ndi mkono wawo tidzakamba pamaso pa akuluakulu a mbali zonse, ndipo chomwe adzagamule ndidzachisenza ine.

Za zitsa, muyang'ane pomwe pali chotupa cha pomezanitsa, chapafupi ndi nthaka. Chomwe chadulidwa pamwamba pa chotupacho chidzaphukanso lalanje. Alamu achisalaze ndi sowo mopendeketsa kuti madzi asakhalepo, azithirira kawiri pa sabata. Chodulidwa pansi pake chidzaphuka mandimu, koma chisiyeni, ndidzamezanitsanso. Mitengo isakudetseni nkhawa, imaphuka.

Kuno magetsi akuzimazima ndipo madzi tikutunga kutali. Mlamu wanu Esther akuti ndaonda. Kuntchito ndapempha tchuthi, andilola kuyambira pa 4 Okutobala. Ndinachonderera kuti chikhale msanga, anakana.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndapepesa. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu a Boaz amene ndawasenzetsa mlandu wosakhala wawo, ndi kwa ana onse. Esther ndi ana akupereka moni.

Chikumbutso mumuuze kuti ngati dzanja likumuyabwabe, andidikire ine pa 4. Ndidzatsikira pamsewu masana, ndipo sindidzathawa.

Chonde ndiyankheni msanga, ngakhale mizere iwiri yokha kudzera pa foni ya Lusiya. Ndingofuna kumva kuti mwawerenga, ndi kuti onse akadali moyo.

Ndine mlongo wanu,
Limbani