Mwana wa Che Athumani pa Nambala Faivi

Loweruka, 3 Juni 1978

A ku Nathenje atichinya 4-0, pabwalo lathu lomwe la koleji. Sanagonjepo chaka chino, ndiye sindinayembekezere zodabwitsa. Koma zinayi! A Pulinsipolo ali pampando wawo, dera lonse la Mitundu likuonerera.

Akutsogolo sindiwanena, mpira sunkawafika n'komwe. Nkhani ili kumbuyo. Efulemu pagolo wachita zotheka, chala chatupa ngati chinangwa. Pitala kumanja ndi wolemera miyendo, koma mtima ulipo. Wandikhumudwitsa ndi Sefu, nambala faivi wanga, yemwe chaka chatha palibe anamudutsa. Lero Jones, womwetsa zigoli wa ku Nathenje, amangolowa ngati m'nyumba mwa amake. Zigoli zitatu ndi zake. Sefu akumutsata pambuyo mwaulemu, ungati akuperekeza mlendo.

Ndakuwa mpaka mawu asasa. Ndakwiya, ndipo mutu ukuwawa.

Lolemba, 5 Juni

Kuofesi m'mamawa. A Pulinsipolo akuti, "A Maliro, mphunzitsi wa zamasewera ndinu. Mundiuze amene anasiya khomo pululu, ameneyo ku Blantyre sapita." Akunena mpikisano wa makoleji wa mu Ogasiti. Anyamata akunong'onezana kale dzina la Sefu.

Ndapempha kuti tidikire masewero obwereza, pa 17, ku Nathenje komweko. Avomera monyinyirika.

Malipiro achedwanso. Mkazi wanga Zipora akuti mpira sudyedwa. Sakunama.

Lachinayi, 8 Juni

Kukonzekera masana, mphepo yozizira, fumbi lokhalokha. Sefu ngati khoma. Ndamutumizira anyamata awiriawiri, onse abwerera opanda mpira. Ndiye si mwendo, si ulesi. Ndamufunsa za Loweruka lija. "Ndinangotopa, aphunzitsi," maso ali pansi. Mnyamatayu kunama sakudziwa.

Pobweza mipira kusitolo ya koleji Pitala wandiuza chapansipansi kuti ndikapite ku Nathenje tsiku la msika, ndikaona ndekha.

Lachiwiri, 13 Juni

Ndapalasa njinga mpaka ku Nathenje. Tcheni chaduka panjira, manja bii.

Pachipata cha msika ndapeza Jones yemwe uja, malaya ofiira a achinyamata a chipani, akuona makadi a chipanicho. Wopanda khadi salowa. Mayi wina wabwezedwa ndi dengu lake la tomato pamutu. Moyang'anizana ndi chipatacho, sitolo ya Che Athumani, bambo ake a Sefu. Dzuwa litakwera Jones wakakhala pakhonde pa sitoloyo, miyendo tambalale, ndipo Che Athumani, imvi mbuu, amubweretsera tiyi ndi manja awiri. Akumutchula bwana, mwana wofanana msinkhu ndi wawo.

Fizi ya Sefu imachokera m'sitolo imeneyo. Ya azing'ono akenso.

Sindinadzitchule. Ndagula machesi n'kutuluka. Manyazi andigwira ndikakumbukira mmene ndinkamukalipira mnyamata uja pamaso pa anthu. Zina ndisalembe.

Lachisanu, 16 Juni

Ndamuitanira kuseri kwa khola la ng'ombe, kopanda makutu. Ndamuuza kuti ndinafika kwawo. Kenaka waulula kuti masewero oyamba asanachitike Jones anadutsa pasitolo n'kunena kuti, "Mwana wanu uja aziona poponda." Bambo ake sanamuuze kanthu, anamutsina khutu ndi mayi ake.

Ndati mawa ndimuika kumanzere, kutali ndi Jones, ndipo za ku Blantyre ndikamuchonderera kwa a Pulinsipolo. Wakana. "Ndikachoka pakati amugwira ndani? Pitala? Amudyetsa njomba mpaka agwe." Akuti kuyambira tsiku lija anzake m'chipinda chodyera akumutchula mlonda wogona, ndipo ndi bwino kukwapulidwa kusiyana ndi zimenezo.

Ndati sindikumukakamiza. Pakamwa pokha. Mumtima ndikufuna Jones agwidwe, ndipo mnyamatayo waziona pankhope panga.

Loweruka, 17 Juni

0-0. Ku Nathenje, kwawo kwenikweni!

Otchinga kumbuyo athu lero ndingawaonetse kwa aliyense. Efulemu wagwira ziwiri zoti zinali zitalowa kale. Pitala wathamanga mpaka kusanza. Koma Sefu, abale. Mipira yam'mwamba yonse yake. Jones akapita kumanja, ali naye. Akabwerera kukatenga mpira pakati, ali naye. Osamutchera mwendo, osamukoka jezi, woyimbira analibe chonena. Chigawo chachiwiri Jones watsala yekha ndi golo, Sefu watsetsereka n'kuchotsa mpira bwinobwino, Jones fumbi kobo, chafufumimba.

Bwalo lonse laseka. Amayi a mumsika ndiwo aseka kwambiri, wina mpaka nthungululu. Ine sindinaseke nawo.

Jones watuluka osapereka moni kwa aliyense. A Pulinsipolo akuti palibe wotsala, onse apita ku Blantyre. M'lole pobwerera nyimbo zokhazokha. Sefu wakhala kungodya, akuyang'ana kumene tachokera.

Lachiwiri, 20 Juni

Sefu mulibe m'kalasi. Akuti wapita kwawo.

Lachisanu, 23 Juni

Sanabwerebe. Zipora akuti ndikudya ngati wodwala.

Lachitatu, 28 Juni

Masana ndikupopa mipira pakhonde, ndangoona njinga. Che Athumani akupalasa, Sefu pakaliyala. Amutsitsa, amuuza akalowe m'kalasi, iwo n'kubwera kwa ine. Andizindikira: "Si inu a machesi aja?"

Sitolo a chipani anaitseka Lolemba la sabata yatha. Chifukwa chake akuti chithunzi cha Pulezidenti pakhoma chinapachikidwa mopendekeka. Adzatsegula liti, palibe akudziwa. Panopa akugulitsa mchere ndi usipa pamphasa m'mbali mwa msewu. Sefu anafuna kusiya sukulu kuti aziwathandiza, iwo akana.

Ndayamba kupepesa. Akweza dzanja. Akuti sanabwerere zimenezo. Tsiku la mpira iwo anali m'sitolo, anangomva phokoso. Sefu akamufunsa sayankha, ndipo anthu a pamsika aliyense akunena zake. "Aphunzitsi, mpira mumaudziwa ndinu. Mwana wangayu anasewera bwanji? Musandinamize."

Ndawapatsa mpando. Ndayambira pa kona yoyamba, ndikujambula ndi chala pafumbi pamene panaima aliyense. Amvetsera chete, manja pamawondo. Nditafika pamene Jones anagwa, ayang'ana uku ndi uku, asendeza mpando pafupi, n'kunena kuti pamenepo ndibwerezenso.