Dzino la Bambo a Tadala

Lachinayi, kuno kuchilendo ku Maitland. Kwazizira tsiku lonse.

Foni ya kuchipatala yandipeza ndikusita shati yoti amuna anga avale potuluka. Nesi wangoti, "Mama, bwerani." Ndamva zonse m'mawu awiriwo. Bambo a Tadala atisiya.

Ndinawerenga zambiri za khansa yawoyo ya pulositeti, ija imagwira abambo, kuti ikafalikira imakonda msana ndi chiuno, choncho m'mawa uliwonse ndinkawafunsa za msana. Koma iyo inali italowa m'fupa la nsagwada. Mlomo wam'munsi utachita dzanzi tinati ndi dzino, tinakalizulitsa kuchipatala cha mano ku Delft. Linatuluka loyera, lopanda bowo.

Pobwerera m'takisi, thonje lili m'kamwa, anandinong'oneza kuti, "Mayi a Tadala, ndiliponye padenga, khwangwala andipatse lina?"

Ndinati, "Pa msinkhu wanuwu? Khwangwala wake uti?"

Anaseka, n'kundipatsa kuti ndisunge.

Alamu anga aimba foni kuchokera ku Ntcheu, akuti thupi lipite kumudzi lathunthu, pasatsale kanthu kuchilendo. Za dzinolo sakudziwa. Ndayesa kuliika pamodzi ndi zovala za m'bokosi, koma dzanja likukana.

Shati ija ndasita mbali imodzi yokha. Dzino lidakali m'chikwama changa.