Galimoto Yosafuna Munthu

LOLEMBA

Adadi, 12:34
kabuleta ya galimoto ija, yothira mafuta mu injini, ndachotsa. ndaikulunga mu thawulo lakale la amako, ili pa shelefu. waya wofiira wa ka kompyutaka apita kuti

Injiniya, 12:36
ku batire adadi, kudzera pa fuse. wa blue ku pampu yatsopano ija. musalumikize ndisanaone pls, ndikuimba video

Adadi, 13:20
waona? manjawa akadali bho. koma kit yako yotchipayi mabawuti ake ngofewa ngati nthochi

Injiniya, 13:22
kkkk yotchipa koma injection ndi injection, kompyuta izithira yokha mafuta m'malo mwa kabuleta. simudzavutikanso mmawa. msana wanuwo si wokankhira galimoto

LACHINAYI

Adadi, 12:31
sensa ya kutentha yalowa, plug ndakhoma monga unanenera. telala wapafupiyu wandigwirira tochi. akuti nkhalamba ya galimoto ndikuiveka suti

Adadi, 12:33
ndamuuza kuti mwana wanga wamkazi akundiphunzitsa umakaniko pa foni, waseka mpaka kukhala pansi

Injiniya, 12:35
muuzeni adikire loweruka. yankhani ndikuimba

LOWERUKA

Adadi, 10:08
[uthenga wa mawu 0:19]

Adadi, 10:09
wamva? yalira kamodzi! osakoka choko, osapopa mafuta

Injiniya, 10:15
eeeh ndinakuuzani!! basi tamaliza adadi. ndipumeko tsopano, sabata yonse lunch ndadyera pa foni kkk

Adadi, 10:21
eya pumula mwanawe. zkm

LACHIWIRI

Adadi, 07:05
yalira bwinobwino

LACHITATU

Adadi, 07:18
telala uja ndi mlonda wapafupi pano anazolowera kubwera mmawa kudzandikankha, ikalira timamwera tiyi pa boneti. lero angokweza dzanja ali patali. akankhenso chani

LACHISANU

Adadi, 16:40
ndayenda mpaka pa roundabout nkubwerera. kopita ndilibe, ndimangofuna matayala asaiwale msewu

Adadi, 17:55
uli bwanji kumeneko

LOLEMBA

Adadi, 09:12
yayamba kutsokomola. utsi wakuda bii

Injiniya, 09:14
hee! zimitsani. tumizani pic ya injini

Adadi, 09:20
[chithunzi]

Injiniya, 09:23
aa zazing'ono. plug ya sensa yazuka, ndiye kompyuta ikuganiza kuti injini yazizira, ikuthira mafuta ambiri. ingobwezerani

Injiniya, 09:31
koma adadi

Injiniya, 09:32
plug imeneyo ili ndi loko. siizuka yokha mpaka munthu atsine ndi zala

Injiniya, 10:04
adadi?

Adadi, 11:15
kabuleta inkafuna munthu mwanawe. kuimvetsera, kuipotoza sikuluwu, kuitukwana, kuitana anzako akuthandize. ichi wandipatsachi sichifuna aliyense

Adadi, 11:19
chimwalirire amako nyumba ino yamva mawu sabata imodzi yokha, ija umaimba pa lunch. ndasungulumwa ine, ndisakunamize

Injiniya, 11:26
iii adadi pepani. sindinaganize

Injiniya, 11:27
musaibwezere. lero ma meeting mpaka madzulo koma mawa 12:30 ndiimba video, tiibwezere limodzi. mumuitane ndi telala yemwe

Adadi, 11:29
telala ayi. iweyo basi

LACHIWIRI

Adadi, 12:10
ndili mgalaja. foni ndatchaja yadzadza

Adadi, 12:44
boneti ndatsekula kale

Adadi, 13:30
mwina abwana ako sanakumasule. palibe changu, ndakhala pa chigubu

Adadi, 15:02
ndaibwezera ndekha. utsi wasiya, ili bwino. usavutike kuimba