Ndinakanika kucheza ndi mdzukulu wanga

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Muli bwanji ku Joniko, iwe ndi banja lako? Kuno ku Cobue tili bwino, koma mawondo okha. Akundilembera ndi aphunzitsi athu, a Rosa.

Sindinakuuze kuti chiyambire mvula ndakhala ndikupita ku tchalitchi masana, kumene a Rosa amaphunzitsa akuluakulu Chingelezi. Anzanga amafuna cha malonda a ku Likoma. Ine ndinali nacho chochepa cha nthawi yothawa nkhondo, ndipo ndimafuna kucheza ndi mwana wako Tiyamike, poti Chinyanja sachidziwa. Tinafika pophunzira kunena zinthu zakale, ndipo aphunzitsi anati, “Agogo, apa ndiye mwaposa anyamata.”

Tsono tsiku lija unaimba foni, ndinali nditakonzeka kumuuza Tiyamike za malemu amayi ako, mmene anamunyamulira ali wakhanda. Utamupatsa foni, mwana anayankhula Chingelezi mothamanga ngati wailesi, ine osagwirapo liwu. Anandiitana kawiri, kenaka anakubwezera foni. Unaganiza kuti netiweki yavuta. Sinavute ayi, ndinali kulira.

Sukulu sindisiya. Ukaimbanso, umuuze aziyankhula pang'onopang'ono, agogo ake ali ndi nkhani yoti amupatse asanagone.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako.