Kadzenje pa Phazi la Triza

Lolemba, 5 Juni 1995

Triza watupa mapazi, masaya nawonso. Ine ndinkanyada kuti mwana wanga akunenepa, kupusa kwangaku. Tsitsi layamba kufiira, sakusewera, wangokhala phee. Ndikuopa.

Lachiwiri, 6 Juni

Apongozi abwera, kumuyang'ana kamodzi kokha matenda awapeza kale: tsempho. Akuti mwana amatupa chonchi kholo likayenda njira zosayenera. "Mwana wanga Jasten ali ku usodzi pachilumba cha Mbenji, kumene mkazi saponda. Ndiye watsala ndani?" Andiletsa kuthira mchere m'ndiwo, akuti dzanja langa ndi lotentha, ndipo Jasten akabwera amuuza. Ine amene ndimangodziwa thandala la usipa ndi tchalitchi. Ndakalirira kuseri kwa bafa.

Lachinayi, 8 Juni

Kusikelo. Mayi Hajara a zaumoyo anadina phazi la Triza ndi chala, panatsala kadzenje kosabwerera. Anafunsa zimene amadya. Ndinayankha monyadira: phala la mpunga wa ku Lifuwu, katatu pa tsiku, lothira shuga.

Akuti mpunga, chimanga, chinangwa ndi shuga zimangopatsa mphamvu. Zomanga thupi ndi nsomba, mazira, nyemba, mtedza. Mwana akukhuta, koma thupi lilibe chomangira.

"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndimayanika usipa."

Anangondiyang'ana. Manyazi amene ndinachita! Usipa wonse umapita ku Lilongwe, Triza ndinkamupatsa msuzi wokha kuopa minga. Akuti ndizisinja usipa wouma, supuni ziwiri m'phala lililonse. Akapanda kusintha pofika Lachinayi likubwerali, atigoneka kuchipatala.

Loweruka, 10 Juni

Phala la usipa lija walavula kawiri, kenako wameza pang'ono. Apongozi akuti ndale za matipate zalowa mpaka m'phala, aliyense ndi nzeru zake. Nanga akapanda kuchira, ndani adzandikhulupirire?

Lachiwiri, 13 Juni

Ndadina kasanu lero. Kadzenje kadakalipo, kaya kachepa kaya ndi maso angawa.

Lachinayi, 15 Juni

Wamaliza mbale yonse, mpaka kulirira ina. Pochokera kotunga madzi ndapeza apongozi amukhazika pamiyendo, akudina phazi mobisa. Adina, ayang'ana, adinanso. Palibe kadzenje. Atandiona anayamba kumupukuta fumbi limene panalibe.

Kusikelo akuti tipitirize, sitigonekedwa.

Masana ndikuphika ndiwo, apongozi anabwera ndi kachitini ka mchere monga masiku onsewa. Anaima pang'ono, kenako anakaika pafupi ndi phazi langa.

"Thirani nokha, make Triza. Ine ndimachulutsa."